Elenala ndi Matemba a Dothi

Elenala anabadwira kwa Mwambo, m'mudzi woyang'anana ndi chilumba cha Chisi, m'banja la Alomwe amene makolo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki. Sukulu anailekezera panjira n'kuyamba kuthandiza amayi ake kuyanika matemba padoko la Kachulu, ndipo ntchito imeneyo wakalamba nayo mpaka lero imvi zayamba kutuluka m'mphepete mwa duku. Anakwatiwa ndi Dunstan, msodzi wofatsa wa kwa Kuntumanji, amene anabwera kudzakhala chikamwini. Mwana wawo, Ulemu, ali pabanja ku Zomba.

Matemba a Elenala amauma bwino, koma si chimene anthu a padoko amamudziwira. Amamudziwira kukayika. Msodzi akamuuza kuti nsomba ndi za m'mawa womwewo, iye amanunkhiza kaye, n'kupisa dzanja pansi pa dengu kuti aone zimene zabisidwa. Munthu akamupatsa moni wautali, akangochoka Elenala amafunsa amene ali pafupi kuti, "Ameneyu akufuna chiyani?" Anamwino atabwera ndi katemera, iye anakhala pansi pa mtengo kudikira kuti anzake onse abayidwe, n'kuwayang'anira mpaka mawa lake. Dunstan amakonda kunena kuti ngakhale iye, atakhala m'nyumbamo zaka zonsezi, akadali pa mayeso.

Chaka cha 2018 nyanja inathawa. Madzi anayamba kubwerera pang'onopang'ono, mpaka pofika mu Okutobala munthu ukaima padoko sunkaonanso madzi, koma dothi lotuwa, long'ambikang'ambika, kufika kumene maso alekezera. Mabwato anagona chammbali pamatope. Anthu a ku Chisi anayamba kubwera wapansi, ena pa kabaza, fumbi lili koboo m'mbuyo mwawo. Asodzi ambiri anakulunga maukonde n'kupita kunyanja ya Malombe, ndipo Dunstan anapita nawo. Elenala anatsala ndi mathandala opanda nsomba, n'kuyamba kukazinga zitumbuwa pamsika.

Mlendo wina anatsika minibasi ya ku Zomba nthawi imeneyo, pamene wina aliyense anali kuchoka. Anali mayi wachitsikana, wamtali, wovala buluku ndi chipewa chachikulu, kamera ili pakhosi. Anati dzina lake ndi Tamanda, kwawo ndi ku Blantyre, ndipo anapeza chipinda panyumba yogona alendo kuseri kwa msika. Sanafunse za nsomba. Sanabwere pa galimoto ya bungwe, sanaitanitse msonkhano, sanalonjeze mjigo. M'mawa uliwonse ankangolowa m'nyanja youmayo yekhayekha, n'kubwerako dzuwa litakwera, mawondo ali matope okhaokha.

"Munthu amene sakupempha kanthu ndiye woopsa," Elenala anauza Falida, mnzake wogulitsa tomato pambali pake.

"Ine ndamva kuti watumidwa ndi akampani," anatero Falida. "Akuyeza malo. Akufuna adzale nzimbe nyanja yonseyi madzi asanabwere."

Ena ankati pansi pa nyanja apezapo mafuta. Ena ankakumbutsana za chaka chathacho, pamene mphekesera za anamapopa zinkagoneka anthu panja m'maboma oyandikana nawo. Koma mawu amene anafala kwambiri anali akuti mayiyo akumanga mvula. Mnyamata wina wa kabaza analumbira kuti anamuona atagwada pakati pa nyanja, akuyala zinthu zoyera mozungulira.

Elenala sakhulupirira mlendo, komanso sakhulupirira anyamata a kabaza. Tsiku lina anasiya zitumbuwa m'manja mwa Falida n'kumutsatira mayiyo chapatali, akuponda mosamala chifukwa dothi linkaphwanyika pansi pa mapazi ngati mapale. Anayenda mpaka doko linachepa m'mbuyo. Anamupeza pafupi ndi bwato lobiriwira limene linatitimira m'matope.

Tamanda anali kutukula zidutswa za dothi louma, zopyapyala ngati mbale, n'kumaziimika chilili, chimodzi pambali pa chinzake, mpaka zinapanga mpanda wozungulira, waukulu ngati pansi pa nyumba. M'kati mwake anayala zigoba zoyera za nkhono, mzere wake ukuzungulira kulowera pakati ngati nkhata. Atamaliza anakhala pansi, akuyang'ana dzuwa ndi mithunzi. Kenako anagona chafufumimba n'kuyamba kujambula.

"Odi kumeneko!" anatero Elenala, ngakhale panalibe khomo.

"Fikani, amayi," anayankha Tamanda, akudzuka n'kudzisasa fumbi.

"Mukupanga chiyani?"

"Ndikuyala zigoba."

"Maso ndili nawo. Ndikufunsa kuti n'za ntchito yanji."

"N'zoonera basi. Ndimayenda malo osiyanasiyana, n'kumapanga zinthu ndi zimene ndazipeza pamalopo, kaya miyala, kaya masamba, kaya dothi ngati ili. Ndikatha ndimajambula, anthu amakaona zithunzizo."

"Nanga izi munyamula liti?"

"Sindinyamula. Mphepo ndi ng'ombe zithana nazo."

Elenala anaseka, koma osati mokondwa. "Mwachoka ku Blantyre kudzapsa ndi dzuwa lonseli kuti mupangire ng'ombe zoponda? Wakutumani ndani, asisi?"

"Palibe wandituma."

"Pansipo mwakwirirapo chiyani?"

"Dothi lomweli, amayi. Palibe china."

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa litapendeka, Elenala anabwerera ndi khasu. Anaima kaye kunja kwa mpandawo, n'kupemphera mwachidule, kenako anagwetsa mbali imodzi n'kulowa. Anakumba pakati penipeni, pamene mzere wa zigoba unathera. Ankayembekeza nsupa, kapena kansalu kofiira, kapena chitsulo cha akampani chokhala ndi manambala. Anakumba mpaka dzenje linafika m'mawondo. Anapeza matope akuda onunkha, basi.

M'mawa mwake anabisala kuseri kwa bwato lija kuti aone chimene mwini wake achite. Munthu akamuonongera mankhwala amadziwika, anaganiza choncho. Amanjenjemera, amayang'ana uku ndi uku. Tamanda anafika, anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno, n'kuzungulira dzenjelo pang'onopang'ono. Kenako anakweza kamera n'kujambulanso dzenjelo.

"Amayi, duku lanu likuoneka," anatero osatembenuka. "Bwerani mudzaone."

Elenala anatuluka, nkhope ili gwa. Tamanda anamutchingira dzuwa ndi chipewa n'kumuonetsa kagalasi kakumbuyo kwa kamera. Chithunzi choyamba chinali cha dzulo lake, mpandawo usanagwe. Mithunzi ya zidutswa zija inali itatalika n'kugwera pa zigoba, phiri la Chisi lili kumbuyo, ndipo ming'alu ya dothi inali italukana mpaka kutali ngati ukonde woyanikidwa. Elenala anakhala pamalo amenewa moyo wake wonse, ndipo chiyambire chilala anali kudutsa pa ming'alu imeneyi akungoitukwana. Anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana pansi pamene anaima, n'kuyang'ananso chithunzicho.

Tamanda anadina, panabwera chithunzi cha dzenje. M'mbali mwake, pamatope akuda, munali mapazi a munthu, zala zonse zikuoneka.

"Awo ndi mapazi anga!" anakuwa Elenala. "Anthu amatapa phazi la mnzawo ndi dzanja, inu mwatapa ndi makina! Fufutani pompano!"

"Pepani, sindinaganize," anatero Tamanda. Anadinadina, n'kumuonetsa. "Onani, chachoka."

"Chachoka kupita kuti?"

Tamanda anayesa kufotokoza, koma Elenala anali atayamba kale kufufuta mapazi ake pamatopepo ndi nthambi. Anabwerera kudoko akukoka nthambiyo m'mbuyo.

Novembala anafika kumwamba kuli mbee. Tsiku lina anyamata anamugenda Tamanda ndi zibuma akuchokera kunyanja, chimodzi n'kumutupitsa phewa. Akomiti ya padoko anaona kuti zinthu zifika poipa, ndipo anaitanitsa anthu pansi pa shedi yogulitsira nsomba. Wapampando, bambo wokalamba wosakonda phokoso, anafunsa ngati pali amene anaona ndi maso ake zimene mlendoyo amachita. Anthu onse anatembenukira kwa Elenala.

"Ndinamutsatira," anatero Elenala. "Ndinakumba pamene anayala zinthu zake. Sindinapeze kanthu."

Mtima wa Tamanda unakhala pansi.

"Komatu ndinakumba malo amodzi," anapitiriza Elenala. "Nyanjayi ndi yaikulu."

Anthu anang'ung'udza movomereza. Wapampando anauza Tamanda kuti iwo sakumupeza ndi mlandu, koma sangathe kumulondera usana wonse, choncho ndi bwino abwerere kwawo mitima ya anthu ikadali yotentha. Tamanda sanatsutse. Pokakwera minibasi anadutsa pamene Elenala ankakazinga zitumbuwa, n'kuima.

"Zigoba zina zatsala mulu m'bwato lobiriwira lija," anatero. "Ndinatola zambiri."

"Ndiye mukundiuziranji ine?"

"Ndinaona mmene munayang'anira chithunzi chija."

"Ndinkafufuza," anatero Elenala, n'kutembenuza chitumbuwa chimene chinali chisanapse.

Mlendo anapita, koma mvula sinabwere. Anthu anati anaimanga mfundo yolimba. Nkhaniyi inamusowetsa mtendere Elenala, chifukwa iye sakonda funso lopanda yankho. Pomaliza anaganiza kuti njira yodziwira ngati chinthu chili ndi mphamvu ndi kuchipanga wekha, n'kuona chimene chichitike. Akadwala, adziwa. Mitambo ikasonkhana kapena kubalalika, adziwa.

Anapita m'mamawa, n'kupeza zigoba zili m'bwato monga ananenera mwini wake. Anazitsuka kaye ndi madzi amchere amene anabwera nawo m'botolo. Anasankha malo obisika kuseri kwa bango louma n'kuyamba kuyala. Mzere wake unatuluka wokhota, mbali ina yonenepa, ina yowonda. Cholinga chake chinali kungoyesa mphamvu yake, koma kukhotako kunamunyansa. Munthu amene wayanika matemba kuyambira utsikana salola mzere wokhota pathandala. Anaphwasula n'kuyambiranso, zigoba zazikulu kunja, zazing'ono m'kati, kukamwa kwa chilichonse kuloza mbali imodzi.

Anadikira. Sanadwale, sanalote kanthu, ndipo kumwamba kunakhala momwemo. Anaganiza kuti mwina walakwitsa penapake, choncho anapanganso china, ndi mpanda wa dothi ngati wa Tamanda. Palibe chinachitika. Anapanga chinanso ndi minga ya milamba imene inafera m'zithaphwi, n'kuona kuti ikayalidwa mopingasa dzuwa la m'mawa limaipatsa mithunzi ngati ya chipeso. Tsiku limenelo anafika kumsika mochedwa, ufa wa zitumbuwa utasasa, ndipo ali m'njira anazindikira kuti waiwala kuyang'ana kumwamba.

Zozungulira zija zinamukwana. Zinali nzeru za Tamanda, ndipo iye sankadziwa chimene zimatanthauza. Chimene iye ankachidziwa ndi matemba. Anayamba kuthyola dothi louma m'tizidutswa totalika ngati chala, n'kumatisongola ndi mpeni mbali ya kumchira. Pamwamba pa dothi la nyanjayo pamachita mchere woyera. Iye ankaika mbali yoyerayo kumimba. Anayala timatemba ta dothito tambirimbiri, tonse titaloza kum'mawa kumene madzi anathawira, gulu lake likupindika ngati mmene nsomba zimapindikira zikamva phazi la munthu m'madzi. Kamera analibe. Akafuna kuona bwino ankakwera pamwamba pa bwato, n'kutsika kukasuntha kamodzi kapena tiwiri, n'kukweranso.

Falida ndiye anamugwira. Anatopa ndi kulondera zitumbuwa za mnzake m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lina anamutsatira monga mmene Elenala anatsatirira Tamanda. Anasuzumira m'bango, anaona mnzake ali chogwada pakati pa nsomba zadothi, akulankhula yekha, ndipo anathawa osayang'ana m'mbuyo. Dzuwa lisanafike pamutu, Kachulu yense anali atamva kuti mayi wa ku Blantyre uja sanapite ndi mankhwala ake, anawasiya m'manja mwa Elenala. Ena anakumbukira kuti anawaona awiriwo akunong'onezana pa minibasi. Ena anati kukumba kuja kunali kophiphiritsa, ankakwirira osati kufukula.

Zitumbuwa zinayamba kubwerera kunyumba zosagulidwa. Amayi ankakoka ana awo Elenala akamadutsa. Mkazi wa mkulu wa mpingo anabwera kudzacheza, zimene anali asanachitepo, ndipo nthawi yonse imene anakhala pamkeka maso ake anali kudenga ndi kuseri kwa mitsuko.

"Mukufuna chiyani kudengako, mayi?" anafunsa Elenala. "Kuli akangaude okha."

"Ayi, ndimangoona mmene anafolerera. Koma achemwali, anthu akulankhula. Bwanji mungosiya zopita kunyanjako?"

"Anthu ake ndani? Tchulani maina."

Mayiyo sanatchule. Atachoka, Elenala anasesa pamene anakhala, n'kusuzumira pansi pa mkeka. Mumtima mwake anali atagamula kale kuti zonsezi ndi Falida, amene ankasirira malo ake a pamsika chifukwa ali pamthunzi. Kunyanja sanasiye kupita. Anangosintha njira, tsiku lina kudzera kudambo, tsiku lina kuseri kwa tchalitchi.

Nkhani inafika ku Malombe itasintha. Munthu wina anaimbira Dunstan foni n'kumuuza kuti, "Alamu, mkazi wanu akumalowa m'bango m'mamawa uliwonse. Ife sitinena zambiri." Dunstan anamva zimene mwamuna aliyense akanamva. Anakwera galimoto osauza munthu, anagona kwa mbale wake kwa Kuntumanji, ndipo kutangocha anali atabisala pafupi ndi nyumba yake yomwe. Anaona mkazi wake akutuluka ndi kadengu, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Anatola chibonga n'kumutsatira.

Atapatula bango anapeza mkazi wake ali yekha pamwamba pa bwato, dzanja lili pachipumi.

"Ali kuti?" anafunsa Dunstan.

Elenala anatembenuka, osadzidzimuka kwenikweni. "Ndani?"

"Amene mumakumana naye kuno."

"Bambo a Ulemu, samalani mapazi! Mukuponda!"

Dunstan anayang'ana pansi. Anali ataima m'mphepete mwa gulu la matemba, ndipo gululo linatambalala kuchokera pamapazi ake mpaka kupitirira bwato, mimba zoyera zikunyezimira ndi dzuwa lotuluka kumene. Anabwerera m'mbuyo mwakachetechete. Chibonga chija anachibisa kumsana, kenako anachigwetsa.

"Mwabwera liti? Wakuuzani ndani kuti ndili kuno?" anafunsa Elenala.

Dunstan anazungulira gulu lonselo, akuwerama apa ndi apo. "Mwapanga ndinu zimenezi, amake Ulemu?"

"Mukuona wina?"

"N'zachiyani?"

Yankho limene linabwera linali lomwe lija la Tamanda limene Elenala analiseka, ndipo sanafune kulinena. M'malo mwake anafotokoza zonse kuyambira pachiyambi: za Tamanda, za dzenje, za komiti, za Falida. Dunstan anamvetsera atakhala pamphuno ya bwato.

"Ndifunse chimodzi, musakwiye," anatero pomaliza. "Mayi ameneyo sanakupatseni kanthu? Kakumwa, kaya kodzola?"

"Ine? Kulandira chinthu kwa munthu wosamudziwa? Inu nomwe munatenga chaka ndisanadye nsomba yanu."

Dunstan anaseka mpaka kutsokomola. Anati pa maumboni onse a padziko, umenewo ndi umene sangautsutse. Kenako anakwera pabwato, n'kuyang'ana gululo ndi diso la msodzi.

"Koma pamenepa mwalakwitsa," anatero akuloza. "Matemba akamakhota sakhota onse bwinobwino chonchi. Pamakhala ena opusa otsalira kumbuyo, ena olowera kwina."

"Mukufuna mundionongere."

"Ndawaona m'madzi zaka zonsezi. Inu mumawaona atafa."

Elenala anang'ung'udza, koma anatsika n'kupatula timatemba tingapo, tina n'kutitembenuza. Atakweranso anayang'ana nthawi yaitali. Sanavomere kuti mwamuna wake ananena zoona. Anangomuuza kuti asunthe, akumutchinga. Dunstan anatulutsa foni yake yosweka galasi n'kujambula. Chithunzicho chinatuluka chotuwa, nsomba zosaoneka bwino, koma Elenala anachiyang'ana mpaka foni inazima yokha. Kenako anafunsa ngati foniyo siitumiza zithunzi ku Blantyre mwini wake asakudziwa.

Kubwera kwa Dunstan kunaziziritsa zinthu pang'ono. Iye ankapita kumsika n'kumauza anthu kuti aliyense wofuna apite akaone, akumbe ngati akufuna, khasu abwereka. Ochepa anapita. Anaima patali, manja kumbuyo, ena akupemphera chamumtima. Bambo wina wa ku Chisi, podutsa ndi njinga yake, anaima n'kuyang'anitsitsa, n'kunena kuti chiphwereni nyanja anali asanaonenso matemba ochuluka chotero. Anapukuta m'maso n'kupitiriza ulendo. Elenala anafunsa Dunstan kuti bamboyo ndi wa kwa yani, ndipo amadutsiranji njira imeneyo.

Mvula inabwera mochedwa, koma itabwera sinafune kuleka. M'mwezi wa Malichi inagwa usana ndi usiku, mitsinje yonse yochokera kumapiri inasefukira, ndipo nyanja inabwerera mwaukali. Inamiza matemba a dothi, inadzutsa mabwato ogona, inapitirira n'kulowa m'minda ya mpunga. Nyumba zambiri zadothi zinagwa, khitchini ya Elenala n'kugwa nawo.

Apa nkhani inatembenuka. Amene ankati Elenala akumanga mvula anayamba kunena kuti ndiye waitana madzi. Akuti nsomba zake zadothi zija zinapita kukawatenga. Asodzi ena obwerera ku Malombe ankamupatsa moni wogwira m'chigongono, wina mpaka anamusiyira milamba pakhomo. Elenala anapatsa kaye galu mutu umodzi. Koma amene nyumba zawo zinagwa ankamuyang'ana ndi diso lofiira, amvekere anaonjeza muyeso. Iye ankawalozera khitchini yake, iwo n'kumati mfiti yochenjera imagwetsako kake komwe.

Madzi ataphwerako, Falida anabwera kunyumba, atanyamula tomato m'mbale. Chiyambire tsiku la m'bango lija awiriwa anali asanalankhulane. Anakhala pakhonde, anafunsa za khitchini, anafunsa za Ulemu, kenako anatsitsa mawu.

"Achemwali, zakale zinapita. Ine ndabwera ndi vuto. Bambo a kwathu chipitireni ku Joni sakuimbanso foni. Mundipangireko kamodzi, kakang'ono, koloza kuno. Mwina angabwere ngati mmene anabwerera madzi."

Elenala anamuyang'ana kuti aone ngati akumutchera msampha. Anaona kuti mnzakeyo akunena zochokera pansi pa mtima.

"Falida, zinthu zija sizigwira ntchito," anatero mofatsa. "Ndinaziyesa ndekha. Siziitana kanthu, sizimanga kanthu. Ndi dothi."

"Nanga mumapangiranji?"

"Ndimafuna ndione mmene zionekere."

Falida anadzuka, n'kumanga chitenje mwamphamvu. "Mukanangonena kuti simukufuna. Anthu okhala ndi zinthu mumauma mtima." Tomato uja anamusiya, ndipo Elenala anakhala naye mpaka anaola, osamudya, osamutaya. Lero amapatsana moni pamsika, koma Falida anasamutsira tebulo lake mbali ina.

Matemba enieni anabwerera, ndipo Elenala anabwerera ku mathandala ake. Tamanda sanaonekenso ku Kachulu. Ulemu anamuuza mayi ake kuti akhoza kumufufuza pa foni, koma Elenala anakana, akuti munthu ukamufunafuna amayamba kudzimva. Akafunsidwa ngati tsopano amavomereza kuti mlendo uja anali wosalakwa, amayankha kuti nkhaniyo ikadali m'manja mwake.

Chilimwe chilichonse madzi akabwerera pang'ono n'kusiya dothi m'mphepete, iye amasowa pamsika m'mawa wina ndi wina. Wapangapo zinthu ndi mamba a nsomba za makumba, ndi mizu ya bango, ndi zidutswa za maukonde otayidwa zimene poyamba ankazikana kuti si zachilengedwe. Anthu anazolowera, monga mmene amazolowerera munthu wodya yekha. Ena amamutchabe wamankhwala, koma matemba ake amagula. Mphunzitsi wina anamupempha kuti abwere ndi ana a sukulu adzaone. Elenala anati aganizira, ndipo akuganizirabe.

Chaka chatha anatha nyengo yonse akutola nthenga za akakowa m'madambo, n'kumazisunga m'thumba la ufa pansi pa bedi. Ankafuna kuzizika padothi lakuda, mzere umodzi wautali wotsata mmene madzi anachokera. Anagwira ntchitoyo mpaka msana unauma, ndipo anasiya pang'ono kuti adzamalize mawa lake, Dunstan adzajambule ndi foni yatsopano imene Ulemu anawatumizira. Atafika m'mawa anapeza dothi lokhalokha. Nthenga zingapo zinali zitakodwa m'bango, zina zikuyandama patali.

"Ndi mwera," anatero Dunstan. "Unaomba kwambiri dzulo madzulo. Ngakhale denga la shedi lasasuka."

"Mwera umazula nthenga zonse osasiyako ndi imodzi yomwe?"

"Umatero, amake Ulemu."

Elenala anamupatsira mwamuna wake thumba kuti akatole zimene zinali m'bango, iye n'kuwerama, kuyamba kuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa madzi, akuyang'ana ngati pali mapazi a munthu.